Telala Wothamanga ndi Thadzi la Apongozi

A Davison anali telala pakhonde la sitolo ina pa Phalombe Boma. Kusoka ankakudziwa, palibe ankatsutsa, koma chimene anthu ankawadziwira kwambiri chinali pakamwa. Ukapita kukasoketsa batani limodzi unkachokapo utamva za ndale, za mtengo wa nandolo, ndi za momwe dziko likadayendera bwino achikhala kuti akuluakulu amafunsira nzeru kwa atelala.

Nthawi imeneyo Phalombe anali atangokhala kumene boma payekha, ndipo kanthu kalikonse kankachitika ndi phokoso. Komiti ina ya zamasewera inakonza zoti m'mwezi wa Julaye kudzakhale mpikisano wothamanga mtunda wautali, makilomita makumi anayi ndi awiri, kuyambira pabwalo la pa Boma, kuzungulira m'tinjira ta m'midzi ya m'chigwa, n'kudzathera pabwalo pomwepo. Galimoto ya chimkuzamawu inadutsa pamsika ikulengeza kuti njira yake ndi yathyathyathya, yopanda chitunda ngakhale chimodzi, ndipo aliyense womaliza adzalandira tisheti.

Elton, mchimwene wamng'ono wa a Belita, akazi awo a Davison, anali wa kabaza ndipo ankakonda kudikirira okwera pakhonde pomwepo. Galimotoyo itadutsa anapukusa mutu.

"Alamu, mwamva zimenezo? Mtunda wonsewo wapansi! Ine pa njinga pomwe ndimafika lilime lili pachifuwa."

A Davison anaimitsa makina, nakwinya thalauza mpaka m'mawondo.

"Tayang'ana miyendo iyi, iwe. Ndinayamba kupalasa makina ano iwe usanamere mano, m'mawa mpaka dzuwa kulowa, tsiku ndi tsiku. Achikhala kuti makinawa ali ndi matayala, bwenzi ndinafika ku Joni, n'kubwerako, n'kupitanso."

"Komatu makinawo mumapalasa mutakhala pansi," anatero Elton.

"Ndiye tangoganiza ndikaimirira!"

Pakhondepo panali amayi awiri odikira madiresi awo ndi bambo wina wogulitsa nzimbe. Dzuwa lisanalowe msika wonse unali utamva kuti telala walumbira kuti adzasiya asilikali a ku Zomba akumeza fumbi lake. A Davison sanatchulepo za asilikali, koma mawuwo atawapeza anaona kuti ndi okoma, nawalandira ngati awoawo.

Kunyumba a Belita anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Bambo a Chikhu, inuyo kuthamanga? Ine chikwatiwireni sindinakuoneni mukuthamangira ngakhale minibasi. Mumatuma munthu kuti akaiuze idikire."

"Mphamvu ndimazisunga, amake mwana. Munthu samwaza mbewu mvula isanagwe."

Pachifukwa chomwecho anakana zoyeserera, ati zingawathere mphamvu zofunika patsikulo. Chimene anachita n'kudzisokera kabudula wothamangira. Chisankho chinali chitachitika chaka chathacho, ndipo pansi pa tebulo lawo panali thumba la zidutswa za nsalu za kampeni. Mwendo umodzi anausoka ndi nsalu yachikasu, wina ndi yobiriwira, ati kuti pasapezeke wokwiya. Kumbuyo nsalu inaperewera, ndiye anangopisa dzanja m'thumba n'kutulutsa chidutswa cha nsalu ya a Thomson, mwini chigayo wa m'chigwa amene anaima payekha pa uphungu n'kugwa chagada. Anasoka mothamanga, akukambira anthu nkhani, osayang'anitsitsa. Atauyesa kunyumba n'kutembenuka, a Belita anangogwira pakamwa n'kutuluka panja, ndipo anakhalitsa kumeneko.

Tsiku la mpikisano kunacha ndi chiperoni. Phiri la Mulanje silinkaoneka, la Michesi nalonso linali litafunda nkhungu, ndipo kamvula kowaza kankalowa m'khosi ngati singano. Pabwalo panadzaza anyamata owonda ochokera ku Blantyre ndi ku Zomba, ena onyamula katundu wa alendo kuphiri, onse akudumphadumpha ndi kukoka miyendo. A Davison anafika atavala jekete la suti, chipewa chaubweya, kabudula uja ndi nsapato za pakaunjika. M'mimba munali mbatata zootcha zitatu ndi tiyi wa m'chikapu chachikulu. Nambala yawo anaimata pa vesiti, koma chifukwa cha chisanu anamanga mabatani onse a jekete, nambalayo n'kubisika. Elton anaima pambali ndi njinga yake, a Belita atamulamula kuti asawasiye okha.

Wezulo italira, anyamata aja anayamba mwapang'onopang'ono ngati anthu opita kudimba. A Davison anadabwa. Anawerama pang'ono, naliyatsa liwiro. Anadutsa a ku Blantyre, nadutsa a ku Zomba, ndipo pofika pamsika anali okha kutsogolo, jekete likuuluka. Amayi ogulitsa tomato anaimirira n'kuyamba nthungululu.

"Telala! Telala! Telala!"

Moyo wawo wonse a Davison anali asanamvepo kukoma kotero. Anakwezera anthu dzanja, ena n'kuwatchula maina. Kukomako kunatha pomwe inathera sitolo yomaliza. Mwadzidzidzi m'chifuwa munayaka moto, mbatata zija zinayamba kukambirana zobwerera komwe zinachokera, ndipo ntchafu zinawauza poyera kuti nkhani ya makina ija sizikuidziwa, inali ya akakolo okha. Othamanga anayamba kuwapitirira mmodzimmodzi. Chodabwitsa chinali chakuti aliyense akafika kumbuyo kwawo ankayamba kuseka, ena mpaka kutsokomola.

"Ukuona, Elton?" anatero a Davison ali wefuwefu. "Akuseka ndi mantha."

"Eya, alamu," anayankha Elton akuyang'ana kumbali.

Njira inasiya msewu n'kulowa m'minda, ikusonyezedwa ndi mivi yojambula ndi laimu. Chimanga chinali chitakololedwa kale, m'minda mutatsala mapesi ndi nandolo wamtali akugwedezeka ndi mphepo. Kunali see, dziko lonse lili lambalamba mpaka kumene maso ankalekezera. Atadutsa pamjigo wina anamva mapazi akubwera m'mbuyo mwawo, nasangalala kuti kani alipo wina amene anamusiya.

"A telala! Lero ndakupezani!"

Anali a Bertha, wapampando wa kwaya ya amayi ku mpingo wina wa m'chigwamo, amene anawasiyira nsalu ya bulauzi Pasaka isanafike. Anali ndi dengu la chinangwa pamutu, paulendo wa kumsika. Anagwira dengulo ndi dzanja limodzi, linalo n'kukweza chitenje pang'ono, nayamba kuthamanga nawo limodzi, phewa ndi phewa.

"Pasaka ndinaimba nditabwereka bulauzi ya mnzanga, yothina m'khwapa, kulephera ngakhale kukweza manja pa Aleluya. Ndikabwera pakhonde panu mumati mawa. Ndikabwera mawalo mumabisala kuseri kwa sitolo, ndimaona nsapato zanu. Tandiuzani lero, bulauzi yanga ili pati?"

A Davison anali ndi mayankho ambiri a funso lotere. Ankatha kunena kuti ulusi wa mtundu umenewo wasowa mpaka ku Limbe. Ankatha kunena kuti magetsi anavuta, ngakhale makina awo sankadziwana ndi magetsi. Koma bodza limafuna mpweya wambiri, ndipo iwo anali nawo wongokwanira mawu amodzi.

"Sindi... nayambe."

A Bertha anaima chilili, kakasi. Zaka zonse zimene anasoketsa kwa bambo amenewa anali asanamvepo yankho lalifupi chotero. Kenaka mkwiyo unawabwerera, nawathamangiranso, ndipo kwa mtunda wabwino ndithu anawalalikira za tsiku lachiweruzo ndi malo amene anakonzedwera atelala, osaphonya mpweya ngakhale pang'ono, dengu lili tsonga pamutu. A Davison anawonjezera liwiro kuti awathawe, koma amayiwo anali ngati chithunzithunzi chawo. Pofika pamphambano yopita kumsika, a Bertha anawayang'ana bwinobwino, naona milomo itayera. Anatsitsa dengu, nasenda chinangwa chimodzi ndi mano, n'kuwapatsira m'manja.

"Idyani ichi. Musandifere bulauzi yanga musanasoke."

Pakati pa ulendo panali malo omwera madzi, pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi chigayo cha a Thomson. Eni chigayowo ndi amene anapereka madzi ndi thobwa, ndipo anali pomwepo, atavala chikhoti chachitali, m'manja muli chimkuzamawu chotsala pa kampeni. Othamanga ena onse anali atadutsa kalekale. A Davison anamwa makapu awiri a thobwa, nathokoza mwaulemu, n'kutembenuka kuti azipita. Pomwepo anthu onse anaphulika ndi phwete. Mayi wina wotunga thobwa anachita kukhala pansi.

"Taimani kaye, bambo inu!" anatero a Thomson pa chimkuzamawu, ngakhale anali pafupi.

"Elton, kodi chikuchitika n'chiyani?" ananong'ona a Davison.

Elton anakanda m'mutu. "Alamu, nanenso ndimafuna ndikuuzeni m'mawa muja, koma achemwali anandiletsa. A Thomson ali kumbuyo kwanu."

"Ndikudziwa, ndikuwamva."

"Ayi, alamu. Ali pa kabudula."

Nkhope yonse ya a Thomson inali pamatako pa a Davison, ikumwetulira, msoko utadutsa pakati penipeni pa mphuno. Akaponda ndi mwendo wamanzere, diso limodzi linkatsinzina. Akaponda ndi wamanja, linkatsinzina linalo. A Davison anakoka jekete kuti abise, koma jeketelo linali lalifupi. Anafuna kugwada kuti apepese, mawondo anakana kupinda. A Thomson anavala magalasi, nawazungulira pang'onopang'ono, nawerama, n'kudziyang'ana okha maso ndi maso.

"Tayendani pang'ono," anatero.

A Davison anayenda. Nkhope ija inatsinzinira eni ake.

"Anthu inu," anatero a Thomson, "nsalu zimenezi ndinazigawa mudzi ndi mudzi. Ena anazisandutsa matewera. Ena akusefera mowa. Ina ndinaipeza atatsekera pakhomo pa bafa. Lero ndi koyamba kuona munthu akuthamanga nane pamaso pa dziko lonse. Dalaivala, liza galimoto!"

Kuyambira pamenepo a Davison anathamanga pikapu ili pambuyo pawo, a Thomson ataimirira kumbuyo kwake ndi chimkuzamawu.

"Anthu a kuno kwathu, tulukani mudzaone! Ankati Thomson wagwa! Wagwa pati? Thomson uyo akuthamanga! Thomson akupita chitsogolo!"

"Komatu akuyang'ana kumbuyo!" anakuwa bambo wina ali padenga la nyumba yake.

A Thomson anachita ngati sanamve. A Davison ankafunitsitsa kuyenda pang'ono kuti mtima ukhale m'malo, koma akangochepetsa liwiro dalaivala ankaliza hutala, bampala n'kutsala pang'ono kupsompsona bwana wake. Ana, agalu ndi mbuzi anatuluka m'midzi kudzaonerera. Chimene chinawapulumutsa chinali kamtsinje kena komwe panali ulalo wa mitengo iwiri yokha. Pikapu inaima pamenepo, ndipo mawu a a Thomson anawaperekeza kutsidya, akulonjeza kuti chisankho chikubwerachi kabudula wotere adzagawidwa kwa bambo aliyense.

Kutsidyako anapeza mnyamata wa ku Blantyre atakhala pansi, miyendo itauma gwa, akupempha aliyense wa njinga kuti akamutule ku Boma. Elton anayang'ana mnyamatayo, nayang'ana alamu ake.

"Alamu, mukuoneka kuti mwazolowera tsopano. Ndikangomutula ndibwera."

"Iwe Elton, achemwali ako anati chiyani?"

"Anati ndisakusiyeni nokha. Simuli nokha, muli ndi a Thomson."

Anamukweza mnyamatayo, napalasa, n'kuzimiririka m'nkhungu.

Apa ndi pamene a Davison anaudziwa mtunda. Panalibenso woseka kapena wokuwa, kunangotsala mphepo ya mwera ikuwomba m'makutu ndi madzi akulira m'nsapato. Kutali kutsogolo kunali mtengo umodzi wa mgwalangwa. Anathamanga, nayenda, nathamanganso, koma mtengowo unali pomwepo, osasendera. Anayamba kulakalaka chitunda, ngakhale chaching'ono, choti munthu n'kuima pansi pake n'kunena kuti chandikanika ndi ichi. Koma njira yosalala ili ndi nkhanza zake, siikupatsa chonamizira. Miyendo yopanda thalauza inachita tsemwe, zala za m'manja zinauma. Kangapo konse anaganiza zokhala pansi m'mapesi n'kudikira kuti wina adzawatole. Akaganiza za amayi a tomato aja ndi nthungululu zawo, ankakokanso mwendo.

Dzuwa litapendeka, mivi ya laimu inawalowetsa m'mudzi wina umene unkaoneka wodziwika. Anazindikira mtengo wa mbawa, nazindikira khola la nkhumba lopendekeka. Unali mudzi wa kwawo kwa a Belita. Ndipo patsogolo pawo, pakati penipeni pa njira, panaima mayi wachikulire wa duku lofiira atakwapatira kanthu. Anali apongozi awo.

A Davison anali munthu wamwambo. Chikwatirireni anali asanakumanepo ndi apongozi awo maso ndi maso panjira, ndipo sakanayamba lero, ntchafu zili pamtunda. Anapatuka msanga n'kulowa m'munda wa nandolo wa kumanzere. Apongozi nawonso, poona mkamwini akubwera, anachita zomwe mwambo umafuna, anapatukira m'munda womwewo. A Davison anamva masamba akuphwanyika kutsogolo, nakhotera kumanja. Apongozi anamva masamba akuphwanyika, nakhotera komweko. Anazembana chotero m'nandolomo, uyu uku uyu uku, mpaka anatulukirana pa chulu, mphuno zitatsala pang'ono kugundana. Onse awiri anatembenuka nthawi imodzi n'kunjuta pansi, atafulatirana.

A Davison anavula chipewa, nawomba m'manja. Apongozi anawalonjera m'Chilomwe, iwo nayankha, kenaka mafunso anayamba. Anafunsa za a Belita. Anafunsa za mdzukulu wawo Chikhulupiliro ndi sukulu yake. Anafunsa za chifuwa chimene mwanayo anadwala chaka chatha, za makina, za chisanu cha ku Boma ngati chikufanana ndi cha kuno. A Davison anayankha zonse, nawonso n'kufunsa za msana wa apongozi, za nkhumba ndi za mpunga wa kudambo. 

"Kodi akukuthamangitsani ndani, bambo?" anafunsa apongozi akuyang'ana chulu.

"Palibe, amayi. Ndi mpikisano."

"Oho. Ndiye mupambana?"

"Opambana anapambana kale, amayi. Pano mwina anasamba n'kudya."

"Nanga inu mukuthamangiranji?"

A Davison anatsegula pakamwa, koma kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo sipanatuluke kanthu.

"Chabwino," anatero apongozi. "Ine ndinamva kuti mudutsa kuno, ndiye ndakhala ndikudikira chim'mawire. Anzanu onse adutsa, ndimati kapena mwasochera. Poti mukulowera ku Boma komweko, mukamupatse mwana wangayo aka."

Anakankhira kanthu kaja chakumbuyo, osacheuka. Linali thadzi lamawangamawanga, lonenepa, lomangidwa miyendo ndi luzi. Linawayang'ana a Davison ndi diso limodzi.

Za apongozi sakana. A Davison anawombanso m'manja, nalandira thadzilo ndi manja awiri. Vuto linali kuchokapo. Kunjuta kunali kosavuta, koma kudzuka miyendo inakaniratu. Komanso anakumbukira kuti akaimirira apongozi n'kucheuka, adzaonana ndi a Thomson. Choncho anatembenuka chokhala, maso ali pansi, nayamba kukwawa chobwerera m'mbuyo, thadzi lili kukhwapa, akutsanzika mwaulemu. Sanaone kuti kuseri kwa chuluko kunali ngalande ya kudambo la mpunga. Anagweramo chagada, khuvuu, thadzi lili m'mwamba ngati mbendera.

"Mwafika bwino, bambo?" anafunsa apongozi osatembenuka.

"Ndafika bwino, amayi."

Anatulukamo matope ali thupi lonse. Nsapato imodzi inatsalira pansi pa ngalandeyo, ndipo atapisa dzanja kangapo anaisiya kuti ikhale ya achule. Madzi ozizirawo anadzutsa miyendo. Thadzi analilowetsa m'jekete n'kumanga mabatani, mutu wokha uli panja pansi pa chibwano chawo. Linali lofunda bwino, ndipo kwa kanthawi awiriwo anayenda mogwirizana, a Davison akutsimphina, thadzi likugwedeza mutu pa phazi lililonse. Anayamba ngakhale kulilankhula, kuliuza za Elton ndi kusakhulupirika kwa achinyamata a masiku ano.

Nkhungu inayamba kuyera, ndipo kutsogolo kunaoneka malata a nyumba za pa Boma. A Davison anaganiza zoti alowe m'tauni akuthamanga, anthu asadzati telala anamaliza choyenda. Anakumbatira jekete ndi manja awiri, nayamba kadzigwedezedzigwedeze kofanana ndi kuthamanga.

Pamalo ena ogulitsira kachasu, kunja kwa Boma pang'ono, panali amuna akusewera bawo atazungulira moto. Za mpikisano anali ataziiwala, poti othamanga enieni anadutsa dzuwa lisanafike pamutu. Chimene anaona ndi munthu wamatope thupi lonse, nkhope yosazindikirika, nsapato imodzi, akuthamanga kuchokera kumidzi atabisa nkhuku m'jekete. Ndipo thadzi lija, ngati lachita kutumidwa, linasankha nthawi yomweyo kukuwa.

"Wakuba!" anafuula mmodzi. "Wakuba nkhuku uyo!"

Bawo linagubuduka. A Davison anacheuka kuti aone wakubayo, napeza zala zonse zikuloza iwo. Anafuna kuima kuti afotokoze, koma anaona wina akuzula mtengo wa mpanda, wina akutola njerwa. Masiku amenewo wakuba akagwidwa ankayamba walandira zake, mafunso pambuyo. Mantha enieni anawagwira, ozizira kuposa ngalande ija. Miyendo imene inali itafa inauka. A Davison analiyatsa liwiro la mtondo wadooka.

Anthu amene anaona zimenezi amanenabe mpaka lero kuti phazi lopanda nsapato lija silinkagunda pansi. Gulu la m'mbuyo linkakulirakulira. Ometa anasiya mitu ya anthu itametedwa mbali imodzi, ogulitsa makala anasiya matumba, ena ankathamanga nawo osadziwa n'komwe chimene chikuthamangitsidwa. Njerwa ina inadutsa pafupi ndi khutu lawo. Kutsogolo kunali othamanga atatu otsalira, akuyenda mokoka miyendo, atagwirana mapewa. A Davison anawadutsa ngati mphepo. Atatuwo atacheuka n'kuona chikhamu cha anthu ndi zibonga, nawonso anapeza mphamvu zimene sankadziwa kuti ali nazo.

Pabwalo a komiti anali akupakira mipando. Chingwe cha pomalizira anali atachimasula kale mbali imodzi, ndipo bambo wina wa komitiyo, a Amosi, anali akuchikulunga pamkono. Atamva phokoso anatukula maso, naona fumbi ndi anthu, nangogwira chingwecho chilili. A Davison anachiwomba ndi chifuwa, thadzi n'kukuwanso, ndipo anakagwa chafufumimba pamapazi pa a Belita, amene anali atadikira pamenepo tsiku lonse atafunda zitenje ziwiri.

Gulu lija linafika n'kuwazungulira.

"Tipatseni wakubayo!"

A Belita anawerama, napisa dzanja m'jekete, natulutsa thadzi. Analitembenuza uku ndi uku, naona kamangidwe ka luzi kumiyendo.

"Wakuba wake uti? Mfundo iyi ndi ya amayi anga, ndingaizindikire ngakhale mumdima. Ndipo awa ndi amuna anga." Anawapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje. "Si awa?"

"Aa! Ndi telala!" anatero wa mtengo wa mpanda uja, naubisa kumbuyo. "Nanga bwanji simumanena, a telala?"

A Davison anali chigonere, akuyang'ana kumwamba, pakamwa pali yasa. A Amosi anamasula mabatani a jekete, napeza nambala ili pa vesiti, yonyowa koma yowerengeka. Analengeza kuti bamboyu wamaliza mpikisano, ndipo si womaliza, pali atatu pambuyo pake. Anthu omwe aja amene ankafuna kuwaphwanya anayamba kuwomba m'manja. Ena mwa iwo anafola pamzere kutsogolo kwa a Amosi, ati nawonso athamanga ndipo aliyense wawaona, tisheti ikuwayenera. Mkangano umenewo unatenga nthawi, mpaka a Amosi anakwera pampando n'kukumbatira katoni.

Elton anatulukira nthawi yomweyo akukankha njinga, ati anali atangotsala pang'ono kunyamuka kukawatenga. A Belita anamuyang'ana kamodzi kokha, iye n'kuzindikira kuti nkhani yake ikambidwa kunyumba. Anayesa kuwakweza alamu ake pa njinga, koma miyendo inakana kutanyula. Pamapeto pake anabwereka wilibala kwa wogulitsa makala, nawaika a Davison m'menemo, tisheti atawafunditsa pachifuwa, miyendo ili lende kutsogolo.

Ananyamuka chotero kudutsa pamsika, Elton akukankha, a Belita akuyenda pambali ndi thadzi. Amayi a tomato anaimbanso nthungululu, ndipo a Davison anayesa kukweza dzanja, koma linangokwera pang'ono n'kugwanso.

"Amake mwana," anatero ndi mawu otsika, "wawaona atatu aja?"

"Ndawaona, bambo a Chikhu. Mwachita zamphamvu." Kenaka analiyang'anitsitsa thadzi lija, nalitambasula phiko. "Koma amayi nawonso ukalamba. Ine ndinawapempha lofiira lija, loikira mazira akuluakulu. Ili ndi lamawanga, limadya mazira ake lomwe."

A Davison anatembenuza mutu pang'onopang'ono.

"Ndiye?"

"Ndiye lifunika kubwezedwa, akatipatse lofiiralo. Mawa mungapite, poti kuntchito simupita."

A Davison anakoka tisheti ija n'kudziphimba nayo kumaso. Elton anaseka mpaka wilibala inalowa m'dzenje, onse atatu n'kukuwa, thadzi n'kupulumuka m'manja mwa a Belita, luzi litamasuka, n'kulowera kuseri kwa mabenchi a nsomba. A Belita ndi Elton analithamangira. A Davison anatsala m'wilibala pakati pa msewu, osagwedezeka, akupempha aliyense wodutsa kuti awakankhireko kufupi ndi moto wa wokazinga tchipisi.